Woperekeza Naye Ali ndi Maso: Mlungu Umodzi ku Chitipa

Ana akakula n'kuchoka pakhomo, nyumba imazizira. Mwina n'chifukwa chake tsiku lina m'mwezi wa June bambo a kunyumba kwathu, ali mkati molongedza chikwama, anatembenuka n'kunena kuti, "Mayi, ulendo uno tipitire limodzi. Mutsaliranji nokha?" Iwo amagwira ntchito yophunzitsa magulu a alimi kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndipo kwa zaka zambiri gawo lathu lakhala kuwasitira malaya ndi kuwatsanzika pachipata. Ulendo uwu unali wa ku Chitipa, wa mlungu wathunthu. Tinavomera ndi chimwemwe, koma tinaiwala kufunsa funso limene aliyense woperekeza mnzake ku ntchito ayenera kufunsa asanakwere galimoto: inu mukakhala ku ntchito, ife tizikatani?

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chitipa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Tinanyamuka mbandakucha wa tsiku loyamba la mlungu, tinadutsa m'nkhalango ya Chikangawa, tinadya nkhomaliro ku Mzuzu, kenako tinatsika mapiri a Chiweta mpaka nyanja inatulukira kudzanja lamanja. Pa Karonga msewu umakhota kuloza kumadzulo, n'kuyamba kukwera. Karonga ali m'mbali mwa nyanja ndipo n'kotentha, pomwe boma la Chitipa lili pamtunda wa mamita oposa 1,200, choncho m'makilomita 100 otsirizawo munthu umayamba ndi thukuta n'kumaliza utavala juzi. Msewu wa phula umenewu, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, unatha cha m'ma 2012. Usanamangidwe, ulendo womwewo unkatha kudya tsiku lonse nthawi ya dzinja, ndipo anthu a ku Chitipa ankadandaula kuti dziko linawaiwala.

Tsiku la m'chipinda

Lolemba m'mawa galimoto ya ku ntchito inabwera kudzatenga bambo isanakwane 7 koloko. Ife tinatsala m'chipinda cha nyumba ya alendo. Tinayala bedi, tinachapa kansalu kamodzi, tinawerenga pang'ono, tinaimbira ana foni. Titayang'ana nthawi, inali isanakwane n'komwe 10 koloko. Kunja mphepo inkaomba malata ndi kuulutsa fumbi, ndipo tinkamva anthu akudutsa akulankhula chinenero chimene sitinkamva ngakhale liwu limodzi. Kutuluka tinkaopa. Mayi wapabanja, wachilendo, kumangoyendayenda yekha m'tauni ya eni, anthu aziti chiyani?

Bambo anabwera dzuwa litalowa, atatopa, mutu uli ku manambala. Ife tinali titasunga mawu a tsiku lonse, iwo anali atawononga awo onse. Tinawafunsa chimene anatitengera kuno ngati analibe nthawi yocheza nafe. Anayankha mwaulemu koma mwachidule kuti anabwerera ntchito, osati tchuthi. Tinagona aliyense atayang'ana khoma lake. Zaka zoposa makumi awiri za banja, ndipo chinatiyambanitsa ndi tsiku limodzi lokhala opanda chochita.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wosesa m'zipinda. M'mawa mwake atatipeza takhalanso pabedi, anatifunsa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka ngati tikudwala. Titakana, anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mwachokera ku Lilongwe konse kudzaona makoma? Makoma kwanu kulibe?" Usiku wa dzulo lake tinali titaimba mlandu bambo, koma kunena zoona amene anatitsekera m'chipindamo tinali ife tomwe. Tinawaimbira foni nthawi yomweyo n'kuwauza kuti tikupita kumsika. Anati, "Pitani, mayi, koma muzindiuza kumene muli."

Mlendo m'dziko lako lomwe

Boma la Chitipa ndi la kumpoto kwenikweni kwa Malawi. Kumpoto kwake kuli Tanzania, malire ake ndi mtsinje wa Songwe, ndipo kumadzulo kuli Zambia. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu pafupifupi 235,000. Ndi anthu ochepa poyerekeza ndi maboma ambiri a kumwera, koma zinenero zawo n'zambiri kuposa za boma lina lililonse limene tinapitako. Kuli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chibemba, Chinamwanga, Chimambwe ndi zina. Pamsika timamva mayi mmodzi akuyankha wogula uyu m'chinenero china, uyo m'chinenero china, kenako n'kutembenukira kwa ife ndi Chichewa. Ife amene tinakula tikuganiza kuti Chichewa chimakwanira paliponse m'Malawi tinachita manyazi pang'ono, chifukwa pamsika wonsewo wodziwa chinenero chimodzi chokha tinali ife.

Tinapempha mayi wogulitsa nyemba kuti atiphunzitse moni. Anatiphunzitsa kunena kuti "mwaghona" pokumana ndi munthu, ndi "ndagha" pothokoza. Lilime lathu linkakana kutchula bwino, amayi oyandikana nawo n'kumafa nazo nseko, koma kuyambira pamenepo tinasiya kukhala mlendo wongodutsa. Wina anatipatsa mpando. Wina anationetsa chinaka, chakudya chimene amapanga kuchokera ku timizu ta maluwa a m'tchire posakaniza ndi nsinjiro, chimene ku Zambia amati chikanda. Tinaona mawere odzaza m'malichero, nyemba zamitundumitundu, mpendadzuwa, mbatata, mapeyala ndi nthochi zochokera ku Misuku. Katundu wambiri wa m'magolosale, monga zitenje, mabeseni ndi sopo, anali wochokera ku Tanzania. Tinagula ufa wa mawere wa phala ndi nyemba zoti tikapite nazo kwathu.

Masana tinayenda wapansi mpaka ku bwalo la ndege, limene silili patali ndi tauni. Lero ndi malo a zii, koma ali ndi mbiri. Nthawi ya atsamunda dzina la Chitipa linali Fort Hill. Derali linali pa njira ya Stevenson Road, msewu umene unayamba kulambulidwa mu 1881 kuchokera ku Karonga kuloza ku nyanja ya Tanganyika, ndi ndalama za James Stevenson wa ku Glasgow. Pambuyo pake bwalo la ndege la Fort Hill linkagwiritsidwa ntchito ndi Wenela, bungwe limene linkatenga amuna kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Mu February 1959, pomwe dziko linkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu a kuno analanda bwaloli n'kulitseka kuti ndege zisatere. Patangopita masiku ochepa, pa 3 March, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, ndipo ndilo tsiku limene timakumbukira chaka ndi chaka anthu amene anafera ufulu wa dziko lino.

Titaima m'mphepete mwa bwalolo tinakumbukira agogo athu aakazi. Agogo aamuna anapita ku Joni ndi Wenela yemweyo, ngakhale kuti iwo anakwerera kumwera. Agogo aakazi sanafunsidwe ngati akufuna kuperekeza. Anatsala ndi khasu ndi ana, kudikira kalata. Ife tinali titapatsidwa mwayi umene iwo sanaulote n'komwe, ndipo tsiku loyamba tinaligwiritsa ntchito yokwiya.

Madzulo amenewo pa chakudya tinali ndi nkhani. Tinapereka moni wa "mwaghona" kwa bambo, iwo n'kuseka mpaka kutsamwa. Anatiuza kuti akhala akubwera ku Chitipa kangapo koma bwalo la ndegelo sanaliponde, ndiponso sankadziwa kuti chinaka n'chiyani. Munthu wa pa ulendo wa ntchito amadziwa chipinda chogona, chipinda cha msonkhano ndi msewu wa pakati pake. Zotsalazo amaonera woperekeza.

Pansi pa Mafinga

Lachitatu tinalimba mtima n'kupita patali. Tinagwirizana ndi bambo zinthu zitatu: tiwauze kumene tikupita, tisakwere njinga yamoto yopanda chipewa choteteza mutu, ndipo tibwere dzuwa lisanalowe. Mwini nyumba ya alendo anatipezera woyendetsa galimoto amene ankamudziwa, amene ankapita ndi katundu ku Chisenga, kumwera kwa boma, pa msewu wafumbi wopita ku Wenya ndi Nthalire.

Chisenga ali patsinde pa mapiri a Mafinga, amene ali m'malire a Malawi ndi Zambia. Nsonga zake zimapitirira mamita 2,300, ndipo kwa anzathu a ku Zambia amenewa ndiwo malo okwera kwambiri m'dziko lawo lonse. Kuseri kwa mapiri omwewa n'kumene kumayambira mtsinje wa Luangwa, umene umayenda ulendo wautali kukathira mu Zambezi. Sitinakwere pamwamba, chifukwa ulendo wotero umafuna wotsogolera, tsiku lathunthu ndi mawondo a mtsikana. Tinangoyenda maola awiri m'tinjira ta m'munsi ndi mphunzitsi wina wopuma pa ntchito amene anadzipereka kutiperekeza, mpaka pa mtsinje wa madzi ozizira otsika m'phirimo. Pobwerera miyendo inkawawa, koma usiku umenewo tinagona tulo tomwe sitinagonepo kwa miyezi. Kwathu timayenda kuchoka kukhitchini kupita pabalaza, kenako n'kumadabwa kuti tulo tikusowa.

Ku Misuku

Ulendo wa Lachinayi ndi umene sitidzauiwala. Aliyense amene tinamufunsa ankati munthu sunaone Chitipa ngati sunafike ku Misuku. Tinakwera minibasi ya ku Karonga n'kutsika pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umapatukira, ndipo pamenepo tinadikira matola. Msewu wake umakhotakhota ngati njoka, uku phiri, uku chigwa chakuya chimene munthu safuna kuchiyang'ana kawiri. Pomwe ku boma udzu unali utauma kale, kuno zinthu zinkanka zibiriwira tikamakwera. Minda ili m'malo otsetsereka oti ife a kuchidikha sitingaimepo chilili, koma amayi a Chisukwa amalimapo mwana ali kumbuyo. Pamwamba pa mapiriwo pali nkhalango zotetezedwa za Mughese, Wilindi ndi Matipa, za mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba, ndipo m'menemo ndimo mumachokera timitsinje timene timamwetsa midzi ya m'munsi. Kukakhala kopanda nkhungu umaona mapiri a ku Tanzania tsidya la Songwe. M'mapiri omwewa ndimo Flax Musopole, mmodzi wa atsogoleri a Nyasaland African Congress kumpoto kuno, anabisala miyezi ingapo mu 1959 asilikali akumusaka. Titaona zigwa zake tinamvetsa chifukwa chake anavutika kumupeza.

M'matolamo tinakhala moyandikana ndi mayi wina wamasiye amene ankachokera ku chipatala cha ku boma. Titamupatsa moni wathu wophunzira dzana, anatigwira dzanja n'kunena kuti sitingabwerere tisanaone pakhomo pake. Ndi mlimi wa khofi. Ku Misuku khofi ndiye mbewu ya ndalama, ndipo alimi ake ali m'gulu limene ndi limodzi mwa magulu opanga mgwirizano wa Mzuzu Coffee. Anatilowetsa m'munda momwe mitengo ya khofi imakula pansi pa mthunzi wa nthochi. Inali nthawi yokolola. Anatifotokozera kuti mtengo umatenga zaka pafupifupi zitatu usanayambe kubereka, ndipo zipatso zake sizipsa nthawi imodzi, choncho amathyola ndi manja chimodzichimodzi, zofiira zokhazokha, n'kumabwereranso ku mtengo womwewo kangapo. Zothyoledwazo ziyenera kufika ku makina osendera tsiku lomwelo. Zikasendedwa amaziviika, amazitsuka, kenako amaziyanika pa mathandala okwera m'mwamba, n'kumazitembenuza ndi manja kwa masiku ambiri.

Tinamuuza mosabisa kuti kwathu khofi sitimwa. Tinkaopa kuti akhumudwa, koma anangoseka n'kunena kuti nayenso samwa kawirikawiri. Analoza malata a nyumba yake, n'kutchula mwana wake amene ali ku sekondale. Kwa iye khofi ndi zimenezo. Anatiphikira nthochi zosakaniza ndi nyemba, natipatsa peyala ndi uchi wa m'ming'oma yake. Tinadya titakhala pamkeka, nkhungu ikuyenda pansi pathu m'chigwa. Ndi chakudya chimene sichinadutse m'sitolo iliyonse, ndipo sitikumbuka china chimene chinatikomera chotero chaka chonsecho.

Macheza anakoma, ndipo apa ndi pomwe tinalakwa. Safunsa anadya phula. Sitinafunse nthawi imene galimoto yomaliza imatsika. Titafika pa siteji cha m'ma 3 koloko, tinapeza kuti magalimoto ambiri amatsika m'mawa n'kukwera madzulo, osati mosemphanitsa. Tinadikira ola ndi theka. Potulutsa foni kuti tiuze bambo, tinapeza kuti yazima, chifukwa tinali titajambula zithunzi tsiku lonse ndiponso inkangosakasaka netiweki m'mapirimo. Mnyamata wina anatibwereka yake, ndipo pamenepo tinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Nambala ya mwamuna amene takhala naye zaka zoposa makumi awiri sitinkaidziwa pamtima. Inali m'foni yozimayo.

Potsiriza inabwera lole yonyamula nthochi. Tinakhala kutsogolo pakati pa dalaivala ndi mayi wina wa geni, ndipo inatsika pang'onopang'ono, mdima ukugwa, kuzizira kukulowa m'mafupa. Tinafika pa Kapoka nyenyezi zitatuluka, ndipo ku boma tinafika itadutsa 8 koloko.

Bambo tinawapeza pa depoti, ataima pansi pa getsi, juzi yathu ili m'manja. Anali atayamba kudikira cha m'ma 5 koloko, akufunsa galimoto iliyonse yochokera ku Karonga ngati yaona mayi wa chitenje chobiriwira, ndipo anali atagwirizana kale ndi dalaivala wa ku ntchito kuti ikakwana 9 koloko anyamuke kukatisaka. Tinayembekezera mawu okalipa, ndipo tikanawalandira. Iwo anangotiveka juziyo n'kunena kuti, "Mayi, mwandikalambitsa lero." Tili m'chipinda anawonjeza kuti maola atatu amenewo anawaphunzitsa chimene ife timamva akachedwa pa ulendo osaimba foni. Ifenso tinapepesa, chifukwa pa malonjezo atatu aja tinali titaswa limodzi, ndipo amene analipira ndi iwo. Tisanagone anatilembera nambala yawo pa kapepala, ife n'kuwalembera yathu, popeza zinadziwika kuti nawonso sankaidziwa.

Kwa amene mudzaperekeze

Lachisanu sitinapite patali. Tinabwerera kumsika kukatsanzika amayi aja ndi kugula zipatso za pa Sabata, ndipo dzuwa lisanalowe tonse awiri tinali titakhala pansi. Tsiku la Sabata masana tinayenda limodzi mpaka ku bwalo la ndege lija, ulendo uno ife tili patsogolo, bambo akumvetsera.

Kwa mayi kapena bambo amene mudzaperekeze mnzanu ku ntchito, ku Chitipa kapena kwina, tili ndi mawu ochepa ochokera m'zolakwa zathu. Kambiranani musananyamuke kuti masana muzikachita chiyani, ndipo gwirizanani za ndalama yoyendera, kuti wina asakhale wopempha m'mawa uliwonse. Mnzanuyo wabwerera ntchito, choncho musamuyembekezere kuti akhale wokusangalatsani dzuwa likalowa. Yambani ndi pafupi, monga msika, ndipo phunzirani moni wa eni dera tsiku loyamba lomwe. Funsani anthu a pamalo pomwe mwagona kuti akupezereni woyendetsa amene amamudziwa. Musanakwere galimoto yopita kulikonse, funsani nthawi ya yobwerera. Tengani madzi akumwa odalirika, chakudya chochepa monga mtedza ndi nthochi, nsapato zoyendera, ndi chovala cha mphepo, chifukwa m'miyezi ya June ndi July kumapiri kumazizira kwambiri dzuwa likangopendeka. Ngakhale kuzizire, gonani m'masikito, pakuti malungo kumpoto aliko. Nambala ya mnzanu ndi ya pamalo pomwe mwagona zikhale pa pepala m'chikwama. Ndipo nthawi imene mwalonjeza kubwera muisunge, chifukwa ufulu wanu woyenda waima pa mtendere wa mumtima wa amene akukudikirani.

Tinabwerera ku Lilongwe ndi thumba la nyemba, ufa wa mawere ndi botolo la uchi wa ku Misuku. Uchiwo unatha m'milungu itatu. Kapepala ka nambala kaja kadakali m'chikwama, ngakhale kuti tsopano nambalayo tikuidziwa pamtima. Mwezi wamawa bambo ali ndi ulendo wa ku Nsanje, ndipo tafunsa kale nthawi imene galimoto yomaliza imachoka ku Marka.